Chisoso cha m'Foni

Ndinangofunsa mtengo, mtengo basi,
usiku wina wa Okutobala ku Bangula,
kutentha kutatitulutsa tonse m'nyumba,
mphasa pabwalo, udzudzu m'khutu.
Pampu ya dzuwa, yobiriwira, ya mapaipi awiri,
yoti izikweza Shire kumtunda kwa dimba langa.
Ndinawerenga mbuzi zanga m'mutu,
zinaperewera zinayi.
Ndinathimitsa foni.

Pampuyo sinathime.
Ndikafuna zigoli za mpira, ili pambali.
Ndikafuna za nyengo, yakhala pansi pa mitambo
ngati wangongole wodziwa njira zanga zonse.
Madzi atabwera mu Januwale,
n'kunyamula khola ndi zonse zinali m'menemo,
ine ndili pasukulu pomwe anatisunga,
foni ndatchajitsa ndi ndalama yomaliza
kuti ndimve ngati msewu watseguka,
pampu ija inatulukanso:
yatsika mtengo, gulani lero.
Ndinaseka mpaka mkazi wanga anandigwira mkono.

Lufina, mwana wa mlongo wanga,
amene amatumiza ndalama za anthu pansi pa ambulera,
anayang'ana foniyo nati,
Malume, mwadutsa m'chisoso.
Tsamba lililonse mukalowamo
limakumatani kanthu pathalauza,
kakang'ono, kosalemera, kosayabwa.
Amati makuki, koma musatsuke m'manja,
si odya.
Kabokosi kaja kamatchinga nkhani
inu n'kudina msanga kuti kachoke,
kanali kukupemphani chilolezo.
Munavomera musanamve mlandu.

Ndinati zula zonse.
Iye anati dikirani, si zonse zoipa.
Ena ali ngati Zuze wa bwato
amene amakudziwani nkhope,
safunsa dzina m'mawa uliwonse,
amadziwa kuti mumatsikira pa mtondo paja.
Amenewo amasunga mawu anu achinsinsi,
amakumbuka zomwe mwaika m'dengu.
Koma ena ndi a anthu amene simunawapatsepo moni,
amakwera nanu bwato lomwelo osalipira,
kumvetsera, kulemba,
n'kukagulitsa njala yanu kumsika wina.

Chala chake chinapita pa timadontho titatu pakona,
chinatsika, chinatsegula kachipinda
komwe ine mwini foni sindinalowemo.
Apa mumafufuta zakale.
Apa mumatsekera alendo aja kunja.
Ili ndi zenera loyendera mwakachetechete,
mukalitseka foni imaiwala kumene munali,
ngakhale a netiweki amaonabe fumbi lanu.
Ndipo kabokosi kakabweranso, malume,
musathamange ngati mwaona ng'ona.
Pali pokana. Amapalemba mozilala dala.

Ndinadina ndekha.
Sipanamveke kanthu,
ngakhale kaphokoso ka njere yogwa.

Mawa lake tsamba la mitengo ya thonje
linandifunsa kuti ndine yani.
Zaka zitatu tikudziwana!
Mawu achinsinsi ndinali nditawaiwala,
ndinayesa dzina la mbuzi yoyamba, linakana,
ndinayesa chaka chimene ndinakwatira, linakana,
mpaka Lufina anasiya makasitomala awiri padzuwa.

Tsopano mpira umabwera wokha.
Pambali pake pali sopo, pali matayala,
pali nsapato za munthu wina
amene amakhala kozizira.
Foni sikundidziwanso, ndipo ndimapuma bwino.

Komabe madzulo ena, matope atauma n'kung'aluka,
ndikuthirira mpiru ndi ndowa yobooka,
ulendo wa makumi atatu kuchokera kumtsinje,
ndimaima, msana ukulira,
n'kukumbuka kuti panali chinthu chimodzi padziko
chimene chinkakhulupirirabe
kuti tsiku lina ndidzagula pampu.

Dzina lake ndalilemba ndi khala
kuseri kwa chitseko chatsopano.
Limenelo ndidzafufuta ndekha.